C Wapansi wa Bodo

Lolemba, 6 Novembala

Mitundu yonse ya anthu imve, ndipo olemba mbiri asongole mapensulo. Lero masana, m'kantini ya ku thiyeta, atatha kudya soseji ndi mbatatesi, Bodo Lenk walengeza kuti tuba yake ya F, lipenga lalikulu lija la mawu apansi, waichotsa ntchito. Anayamba wapukuta kaye kukamwa. Mboni zinali ine, mayi wogulitsa khofi, ndi woimba vayolini wina amene ankawodzera.

Tubayo dzina lake ndi Gerda. Bodo anamulandira kwa mphunzitsi wake, ndipo wakhala akumufungatira pamiyendo kuyambira khoma la ku Berlin lisanagwe. Ine ndakhala kumanja kwake ndi thiromboni yanga ya besi zaka makumi atatu, m'dzenje lomwelo la okesitira, pansi pa mapazi a oimba opera. Ndinathera unyamata wanga ku yunivesite ku Leipzig, kuphunzira filosofi, kuti ndidzathe kuuzira mpweya mu paipi mozindikira.

Mlandu wa Gerda: noti yake imodzi, C wapansi, akunjenjemera.

Ineyo ndapatsidwa udindo. Ndine Khutu. Woimba tuba sadzimva yekha. Kukamwa kwa tuba kumaloza kudenga, mawu amakwera, kuzungulira holo, n'kukagwera anthu a mipando ya kumbuyo, mwiniwake akungomva mano ake akulira m'mutu. Choncho pogula tuba munthu amatenga mnzake wokamumvera. "Iwe Volkmar," anatero, "makutu akowo ndi oipa powaona, koma amagwira ntchito. Lolemba likudzali tikupita ku Markneukirchen."

Ndavomera. Ku Markneukirchen, tauni ya osula malipenga, kuli keke wabwino.

Lachiwiri, 7 Novembala

Pulakatisi ya m'mawa. Ntchito yathu ife a malipenga akuluakulu ndi kukhala chete mwaulemu kwa nthawi yaitali, kenako kudzidzimutsa anthu. Nthawi ya cheteyo imafuna kuwerenga, ndipo ine kuwerenga ndinasiya kalekale. Amawerenga ndi Bodo. Polowera pathu pakayandikira amandigunda bondo lamanzere ndi chala, ine n'kupinda nyuzi, n'kunyamula lipenga. Pakati pa zimenezi timanong'onezana za anthu. Lero tinali pa wotsogolera nyimbo watsopano, amene tamutcha Mwinindodo. Bodo akuti akamagwedeza manja amakhala ngati munthu woimitsa basi imene yadutsa kale.

Kenako C uja anafika. Ndi noti yaitali, yapansipansi, yoti tuba iigwire yokha ena tonse tili phee. Inayamba bwino. Pakatikati inayamba kugwedera ngati tebulo la mwendo umodzi waufupi. Mwinindodo anadzutsa mutu. Bodo anamuyang'ana Gerda monga munthu amayang'anira galu wake amene waipsa mpweya pamaso pa alendo.

Kunena chilungamo, matuba a F a mavavu ozungulira, timabatani tosinthira noti tija, onse ali ndi nthenda imeneyi. Pamwamba amaimba ngati munthu, koma C wapansi ndi chibowo. Ukauzira kwambiri amathawa, ukauzira pang'ono sabwera. Aliyense wa ntchitoyi amadziwa. Chimene ndingalembe muno mokha n'chakuti Gerda anabadwa nacho chibowocho, ndipo Bodo wachibisa zaka zonsezi monga banja labwino limabisira malume achidakwa pa ukwati. Palibe anawaonapo. Malume ayamba kutulukira pabwalo chaka chino, cha m'ma Pasaka.

Lachitatu, 8 Novembala

Mvula. Bodo wanditumizira pafoni zithunzi za matuba, onse onyezimira, onse osavala. Ndamuuza kuti ndikanena kwa mkazi wake.

Lachinayi, 9 Novembala

M'kantini Bodo wandiphunzitsa za matuba, ngati kuti sindinakhale moyo wanga wonse khutu lili m'kamwa mwa imodzi. Akuti pali mipingo iwiri. Wa makolo ndi wa mavavu ozungulira: mawu ake ndi ochepa thupi, olunjika, amalowa pakati pa mathiromboni ngati mkulu wawo wobadwa naye. Watsopano ndi wa mapisitoni, mavavu okwera ndi kutsika, wotchuka kutsidya la nyanja: mawu otambasuka, onenepa, ogona pansi pa okesitira yonse ngati matiresi.

"Si iwe unkati tuba ya mapisitoni ndi sitima ya malasha?" ndinafunsa. "Unkati oimba zimenezo aziikidwa manda aokha."

"Munthu amakula, Volkmar."

"Wakula liti?"

"C wake ndi wolimba," anatero, n'kuyamba kutakasa khofi wopanda shuga.

Ndinafunsa ngati thiyeta imugulire. Anaseka. Thiyeta chaka chino yagula kale babu. Bodo agulitsa kadimba kake ka kuseri kwa njanji, kanyumba kake komwe, ndi mtengo wa mapulamu uja anadzala mwana wawo atabadwa. Wogula wapezeka kale, dokotala wa mano, amene akufuna kuzula zonse monga mwa ntchito yake. Asayinirana kumapeto kwa mwezi.

Ndiye nkhani ili apa: kadimba kakupita kuti C achire. Ndinati ndi nzeru yabwino. Ndinaitanitsa keke wina.

Loweruka, 11 Novembala

Ndapita ku kadimba kukathandiza kufundika maluwa kusanazizire kwenikweni. Bodo anali kumapeto, akulimbana ndi mpopi. Heidrun, mkazi wake, anandipanikiza pansi pa mtengo wa mapulamu, lumo lodulira nthambi lili m'manja.

"Alamu, inu mumakhala naye pafupi kuposa ine. Vutoli ndi Gerda?"

Ndinati funso limeneli ndi lakuya, chifukwa mawu a lipenga sakhala m'chitsulo, sakhalanso mwa munthu, koma amabadwira pakati pa awiriwo.

"Boma linangotaya chuma pokuphunzitsani," anatero.

Akuti m'mawa uliwonse Bodo amatsikira m'chipinda chapansi. Za pamwamba amaimba bwinobwino. Kenako noti imodzimodziyo, kubwereza, kubwereza, basi kenako zii. "Chetecho ndi chimene sindikuchikonda. Akamatuluka amakhala atapaka mavavu mafuta ochuluka okazingira nkhuku."

"Munamufunsa?"

"Ndinangoti, kodi mlomo sukukuvuta? Anatha masiku akulankhula ndi firiji yokha." Anadula kanthambi kamene kanalibe mlandu. "Ine sangandimve, noti sindizidziwa. Inu akumverani."

Ndinamukumbutsa kuti ndinasankhidwa kukhala Khutu, osati Pakamwa.

Anandipatsa botolo la jamu wa mapulamu. Pa chivindikiro analemba chaka, monga amachitira. Pansi pake anawonjezera mawu akuti womaliza.

Lolemba, 13 Novembala

Ku Markneukirchen pa galimoto ya Bodo, Gerda ali pampando wa kumbuyo atamangidwa lamba. M'mapiri mwagwa kale chipale chofewa. Mwini malo osulira matuba ndi Mayi Trommer, wa imvi, magalasi olendewera pachingwe, manja akuda ndi mankhwala opukutira mkuwa. Anayamba wapereka moni kwa Gerda, kenako ife. Anasisita pophwanyika paja pa mkombero wa kukamwa, pamene Bodo anagunditsa pachitseko cha dzenje kalekale. "Ndiwongole?" Bodo anati ayi, nkhope ya munthu siwongoledwa.

Ali ndi woyesa matuba wake, Ilka, mayi wa zaka za m'ma makumi atatu, wosalankhulalankhula, amenenso amakagwirizira m'maokesitira wina akadwala. Anapempha kuti amulawe Gerda. "Gerda sadziwa milomo ina," Bodo anatero, n'kumusendeza pakona.

Anatiikira matuba atatu, ndipo ine monga Khutu ndawapatsa maina.

Bwanamkubwa: ya mapisitoni, yasiliva, yaikulu mimba. Mawu ake amafika munthu asanalowe m'chipinda, n'kukhala pa mipando iwiri. Pansi ndi yolemera zedi. Pamwamba imaimba ngati munthu wokhuta amene wapemphedwa kunena mawu ochepa.

Sisitere: yopyapyala, ya mtundu wa ku Vienna, mavavu asanu ndi limodzi, atatu dzanja lililonse. Mawu owala, aukhondo, noti iliyonse yochapidwa ndi kusitidwa. Siinama. Ukalakwitsa imakauza holo yonse.

Namfedwa: ya mavavu ozungulira ngati Gerda, koma ya mkuwa wofiirira. Mawu ofunda, akuda pang'ono, otonthoza ngakhale palibe wamwalira.

Bodo anaimba. Ndilembe izi kuti zisaiwalike: pamwamba munthu uja akadali Bodo. Anatenga kanyimbo kapang'onopang'ono pa Namfedwa, anyamata osula kuchipinda china anasiya kumenya nyundo. Kenako anatsikira pa C.

Pa Bwanamkubwa C ananjenjemera monenepa. Pa Sisitere ananjenjemera momveka bwino. Pa Namfedwa ananjenjemera mogwira mtima. Zifukwa zinali motere, mwa dongosolo: kachikho ka pamilomo sikakugwirizana ndi paipi; chitsulo n'chozizira; chipinda n'chaching'ono, mawu akubwerera. Mayi Trommer sankayang'ana matuba ake. Ankayang'ana pakona ya mlomo wa Bodo. Kenako anayang'ana ine. Ine ndinachita chidwi ndi kalendala ya pakhoma.

"Bambo Lenk, ine sindigulitsa tuba m'chipinda," anatero. "Ndibwera nawo ku holo yanu Lolemba. Mwambo mukuudziwa. Poyamba muimba inu, mnzanuyu amvera atafulatira. Kenako aimba Ilka, inu mukhala kumbuyo mutafulatira, mumve zimene anthu anu adzamve. Maso amagula zonyezimira."

Pobwerera Bodo anali wosangalala, akuimba mluzu. Maina aja anawakonda. Akuti mtima uli pa Namfedwa koma nzeru zili pa Bwanamkubwa. Keke sitinadye, ndinaiwala kukumbutsa.

Lachitatu, 15 Novembala

Opera. C atafika ndinanyamula thiromboni n'kumugwirira pansipansi, mwakachetechete, monga munthu amagwirira chigongono cha mnzake potsika masitepe akunamizira kuti akucheza. Bodo sanacheuke. Pa nthawi ya chete yotsatira sananene kanthu za munthu aliyense, koma bondo anagunda pa nthawi yake.

Popuma Mwinindodo anandiimitsa m'khonde.

"Bambo Kober, papepala langa C uja ndi wa tuba yokha."

Ndinati ndi mwambo wa nyumba ino, unayamba iwo asanabadwe.

"Mnzanuyo ali bwino?"

"Akugula tuba yatsopano."

"Zabwino zimenezo," anatero. Ali ndi kamwetulidwe ka munthu wa ku banki. "Ndiidikira. Ikabwera zinthu n'kukhala chimodzimodzi, ndidzayenera kukamba ndi akuluakulu, ndipo adzafuna kumumva ali yekha pamaso pa komiti. Inu mukudziwa mmene zimakhalira."

Ndikudziwa. Ndinakhalapo mu komitiyo. Munthu amaimirira pakati pa siteji, anzake a zaka zonse atakhala m'mipando akuyang'ana nsapato zawo.

Ndiye masamu ake ndi awa, ngakhale a filosofi angawathe: kadimba kapita, tuba ibwera, C anjenjemerabe, Bodo aima pamaso pa komiti ndi chida chonyezimira chimene sangachinamizire kanthu.

Lachisanu, 17 Novembala

Ndayesa. Podikirira tiramu, sitima ya m'misewu ija, masana, kulibe munthu wina. Ndinakonzekera kuyambira kunyumba: Bodo, vuto si Gerda. Mawu anayi okha.

Ndinati, "Bodo."

"Ee?"

Ndinamuuza kuti anzeru akale a ku Girisi ankakangana ngati bwato limene matabwa ake onse asinthidwa likadali bwato lomwelo. Ndinafotokoza mbali zonse ziwiri mosakondera. Ndinatchulanso mbali yachitatu imene ambiri saidziwa.

"Ase," anatero, "ukudwala?"

Tiramu yake inabwera. Ali pakhomo anacheuka. "Lolemba usadzandinyengerere, wamva? Ndakutenga iwe chifukwa sunayamikirepo munthu chibadwire."

Loweruka, 18 Novembala

Jamu wa Heidrun ndi wabwino. Ndamubweza m'kabati, kumbuyo kwa ufa.

Lamulungu, 19 Novembala

Ndaimbira Mayi Trommer kunyumba kwawo. Anali akudya, ndinamva mafoloko. Ndinapempha kuti mawa, pa gawo la Ilka, matuba akhale anayi. Gerda adzakhala ali pa siteji pomwepo, chifukwa Bodo amayamba watenthetsa milomo pa iye. Ilka agwiritse kachikho kake.

Ndinamva akuika foloko pansi.

"Bambo Kober, mukudziwa chimene mukupempha?"

Ndinati ndikungofuna kuti kuyerekeza kukhale kwa sayansi.

"Ine nditaya kasitomala, zimenezo n'zanga, ndinaziona kale pa mlomo paja. Koma bwanji osangomuuza? Muli ndi pakamwa, ndinakumvani tsiku lonse."

Ndinati ndikamuuza ine adzakangana nane, ndipo pokangana Bodo sagonja, tidzafika kumapeto kwa mwezi tikukangana. Ndi khutu lake sangakangane.

"Mnzanu ndi wanu," anatero. "Ilka ndimuuza. Akafunsa kuti waika ndani, ine ndiloza inu."

Ndinati n'zoyenera. Ndikulemba muno kuti nzeru imeneyi ndi yabwino kwambiri, yaukhondo, yopanda mawu opweteka. Ndaiyang'ana mbali zonse.

Lolemba, 20 Novembala

Thiyeta lero inali yotseka. Holo inali yozizira, nyale zochepa, mipando itafundikidwa nsalu. Bodo anabwera atavala tayi. Anatenthetsa milomo pa Gerda, n'kumuimika pambali pa siteji.

Gawo loyamba. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni nditafulatira, ndikuyang'ana chitseko cha potulukira moto ukabuka. Bodo anaimba atatu onse mosinthanitsa. Ndinanena zoona zokhazokha: woyamba amadzaza holo koma nyimbo imamira m'mafuta, wachiwiri amafika kumbuyo kuno ngati singano, angagwirizane ndi mathiromboni, koma okesitira ikakwiya amezedwa, wachitatu ali ndi mtima.

"Nanga C?" anafuula kuchokera ku siteji.

"Bwera udzamve wekha."

Anabwera. Anakhala kumanzere kwanga, mosaganiza n'komwe, monga mwa masiku onse. Tinafulatira tonse ngati ana opatsidwa chilango. Ilka anayamba: kanyimbo komweko, kokwera pang'onopang'ono, kutsika, n'kukakhala pa C.

"Matiresi," Bodo ananong'ona. "Bwanamkubwa ameneyo. C alipo, inde. Koma ndingagone."

Wachiwiri. "Sisitere. Woyera mtima. Sindingakhale naye nyumba imodzi."

Wachitatu anamumvera mpaka kumapeto. "Namfedwa. Eya. Ameneyu tingazolowerane." Anayamba kudzuka.

"Khala pansi," ndinatero. "Pali ina."

"Anali atatu."

"Pali ina."

Ilka anachedwa pang'ono, tinamva akuyesa mavavu. Kenako nyimbo inayamba. Sindikufuna kulemba zokongoletsa, ndine munthu wamkulu. Mawuwo anakwera ngati munthu woimba ali yekha m'nyumba, osadziwa kuti pawindo pali womvera. Analibe kulemera kwa Bwanamkubwa, analibe ukhondo wa Sisitere. Anali ndi kamchenga pang'ono m'kati. Anatsika, n'kufika pa C. Chibowo chinalipo, ndinachimva, koma Ilka anachiponda m'mphepete monga mmene Bodo ankachitira, ndipo C anaima. Anaima mpaka mpweya unatha.

Bodo anandigwira bondo, osati ndi chala, ndi dzanja lonse.

"Imeneyo," anatero. "Wamva, iwe gonthi? Moyo wanga wonse ndakhala ndikufuna mawu amenewa. Mayi ameneyu amaibisiranji? Kadimba atenge, atengenso galimoto." Anakweza mawu asanacheuke. "Mayi Trommer, yachinayiyo musaionetse munthu wina."

Anacheuka.

Kuchokera kumbuyo kwa holo munthu saona zambiri, koma nyale inagwera ndendende pophwanyika paja. Ilka anali atamufungatira Gerda, akuyang'ana pansi. Mayi Trommer ankapukuta magalasi.

Dzanja linachoka pa bondo langa. Ndinamva mapaipi a madzi otentha akulira m'makoma.

"Sindinamumvepo," anatero, osati kwa ine. "Kuchokera kuno."

Anayenda kupita ku siteji, osafulumira. Anamuthokoza Ilka mwaulemu, n'kumuuza kuti vavu yachinayi imafuna kuikankha msanga pang'ono. Anawapepesa Mayi Trommer powayendetsa ulendo wonsewu. Anachotsa kachikho ka Ilka, n'kukapereka m'manja mwake, n'kumuika Gerda m'chikwama, zipi mpaka kumapeto. Kenako anayang'ana kumbuyo kumene ndinali.

"Wamuika pamenepa ndani?"

Mayi Trommer sanafunikire kuloza.

"Ine."

"Unayamba kumva liti?"

"Pasaka."

"Pasaka," anatero, ngati akulawa. "Ndipo Lachisanu unandiuza za bwato."

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Ukanandiuza pa tiramu paja, tili awiri," anatero. "Ndikanakutukwana. Koma tikanakhala awiri."

Anamubereka Gerda kumsana, n'kutuluka pa khomo la oimba. Ine ndinathandiza kunyamula matuba atatu kupita ku galimoto. Bwanamkubwa ndi wolemeradi.

Lachiwiri, 21 Novembala

Mpando wa tuba wopanda munthu. Akuti wadwala. Bondo silinafunike, anangoyeserera za mavayolini, ife tinabwezedwa kunyumba.

Lachitatu, 22 Novembala

Tsiku la kulapa ndi kupemphera, boma lonse la Saxony lili pa tchuthi. Sindinakonze ndine.

Heidrun waimba foni. Dokotala wa mano amuuza kuti akazule kwina. Bodo wavomera kukaonana ndi dokotala wa oimba ku Dresden. Akuti nthenda ya minofu ya mlomo imeneyi ena amachira, ambiri sachira, ndipo zimatenga nthawi. Walembera akuluakulu yekha kuti apume kaye. Komiti siikhala.

"Ali kuti?"

"Ku kadimba. Akutembenuza manyowa amene anatembenuza dzulo."

Ndinati ndingathe kupita kukathandiza, mafosholo alipo awiri.

"Zikomo, alamu," anatero. "Ndikunena zochokera pansi pa mtima, zikomo. Koma musabwere."

Ndinafunsa kuti mpaka liti. Anati iye noti sazidziwa.

Lachisanu, 24 Novembala

Wogwirizira ndi Ilka. Wabwera ndi tuba yake, ya mapisitoni. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kusendeza mpando pang'ono kuti asandipanikize. C anafika, anaima ngati chipilala cha konkire. Mwinindodo anamwetulira mpaka mano a kumbuyo. Nyumba yonse yapuma.

Pa nthawi ya chete yaitali ija ndinaona kuti Mwinindodo wavala nsapato zatsopano, zosongoka, zolira akamadumpha. Nkhani inabwera yokha, yabwino kwambiri, mwina yoposa zonse za chaka chino. Ndinapendekera kumanzere. Ilka anali akuyang'ana papepala, milomo ikuyenda pang'ono. Ankawerenga. Ankadziwerengera yekha, monga munthu aliyense wolongosoka. Nkhani ndinaimeza, n'kubwerera ku nyuzi.

Kenako okesitira yonse inabangula, ndipo pakati pa kubangulako panali chibowo. Ndinachimva bwinobwino, poti ndine Khutu. Ndinayamba kudabwa kuti wasowa ndani.

Mwinindodo anaimitsa nyimbo. "Bambo Kober, tikudikira inu."

Anthu onse anacheuka. Sizinandichitikirepo chilowereni m'dzenje lino. Ndinanyamula thiromboni, kuiyang'anitsitsa, kuigwedeza pang'ono, n'kunena kuti paipi yauma, ikufuna mafuta. Ilka anandibwereka ake.

Kadimba kapulumuka. Komiti siikhala. Gerda watuluka wopanda mlandu. Zonsezi ndinaziona pasadakhale, ndipo zachitika monga ndinakonzera. Bondo lokha ndi limene sindinaliganizire.

Pobwerera ndayesa kuwerenga ndekha m'tiramu, chamumtima, kuti ndizolowere. Ndinafika pakati n'kusokoneza. Ndinapezeka kuti ndasiya, ndangokhala, mwendo wamanzere ndausendezera kunja pang'ono.